Lole ya Onga Siimaima pa Chinyunyu

Kitwe, 13 Meyi 1973

Wokondedwa mkazi wanga Emeliana,

Ndiyamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko pa Chinyunyu, iwe ndi amayi ako, ndi mlongo wanga Olipa? Ine ndili bwino. Chimfine chimene ndinachoka nacho chinathera m'basi.

Ntchito ndaipeza, ndipo si ya pansi pa mgodi monga unkaopera. Ndili pa kampani ya malole onyamula katundu woopsa: petulo, asidi, ndi onga wophulitsira miyala m'migodi. Kapitawo anafunsa gulu lonse pageti ngati pali wodziwa kugwira burashi. Ndinakweza dzanja, ndinati ndine ndinalemba dzina la tchalitchi chathu pakhoma. Anaseka, koma anandipatsa thabwa ndi penti yofiira kuti aone. Mawa lake ndinayamba.

Ntchito yake ili tere. Lole siituluka pageti isanavale zikwangwani zinayi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali monse, zouza anthu chimene yanyamula. Cha petulo chili ndi lawi la moto. Cha asidi chili ndi dzanja limene madontho akulidya, ndipo chimenechi sindikonda kuchijambula. Cha onga ndi choyera, cha malemba ofiira akuluakulu oti munthu awerenge ali patali, ndipo lole yake imaonjezera mbendera zofiira m'makona monse. Ikatsitsa katundu, zikwangwani zimachotsedwa. Akuti chikwangwani chisamaname, chifukwa anthu akazolowera kuchiona pa lole yopanda kanthu adzaleka kuchiopa.

Ndimakhala tsiku lonse pansi pa shedi ya malata, ndekha ndi zitini za penti. Ndikamajambula lawi lija, dzanja limayenda lokha, mutu uli kwathu. Ndimaona nthunzi ya pa kasupe wathu wotentha m'mawa, mmene imagonera pa udzu, ndi iwe ukutulukamo ndi ndowa pamutu. Imayamba kuoneka ndowa, kenako nkhope. Dzana ndinajambula lawi lopindika ngati nthunzi imeneyo, ndipo kapitawo anandibwezera. Anati lakoma kwambiri, silingaopse munthu.

Manje za iwe. Popeza uli ndi pakati, ndowa imeneyo uisiye, Olipa azitunga. Ana athu awiri aja amene sitinawamve kulira ndimawakumbukira, ndipo sindifuna kunena zambiri. Mwezi wako ukayandikira upite msanga ku chipatala cha ku mishoni, usadikire kuti zinthu ziyambe. Ndatumiza sopo ndi chitenje cha masamba obiriwira, wakutengera kondakitala wa basi ya Lachisanu. Chimanga musagulitse, ngakhale ogula a pamsewu akakamize.

Ndine mwamuna wako,
Evaristo

Kitwe, 24 Juni 1973

Emeliana wanga,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti kusanza kunaleka. Upereke moni kwa amayi. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwazizira kwambiri ndipo bulangete ndi limodzi.

Mu shedi muja ndatulukamo. Munthu amene ankayenda ndi dalaivala wina wa lole ya onga wasiya ntchito, mkazi wake atamva chimene mwamuna wake amayenda nacho kumbuyo. Lamulo likuti lole ya onga iyende ndi anthu awiri, ndipo isamasiyidwe ndi munthu mmodzi. Ndiye aikapo ine. Usachite mantha, malipiro akwera pang'ono, ndipo zikwangwani ndi zomwe zija. Paliponse pamene taima ndimatsika ndi chiguduli, ndimapukuta fumbi kuti malemba aoneke, ndimayesa mabawuti, ndimaona ngati mphepo sinang'ambe mbendera.

Dalaivala wanga ndi ba Bornface, a ku Petauke. Ndi aatali, a imvi, ndipo kale ankayendetsa malole ku Joni. Salankhula kawirikawiri. Fodya anasiya tsiku limene anayamba ntchito ino, manje amangoluma kaudzu. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, chifukwa pa lole imeneyi sitivala nsapato za misomali.

"Uli ndi machesi?"

"Ayi, ba Bornface."

"Uli ndi mkazi?"

"Inde."

"Machesi uzisiya pageti. Mkaziyo uzimutenga m'mutu, salemera."

Ndi mawu okhawo amene analankhula mpaka ku Chingola.

Emeliana, ukanaona mmene msewu umatsegukira patsogolo pathu. Magalimoto amapatukira kumbali, a njinga amatsika n'kulowa mu udzu. Timayenda pang'onopang'ono pakati pa msewu wopanda munthu, mbendera zikugwedera, ngati tili m'bwato pa madzi odekha. Poyamba ndinkadzimva ngati munthu wamkulu. Manje ndaona kuti si ulemu, ndi kuthawa. M'tauni sitiloledwa kuima, pafupi ndi nyumba za anthu sitiima, wokwera sititenga. Dzulo mayi wina wobereka mwana anakweza dzanja kupempha kuti timutenge. Ataona mbendera, dzanja linatsika lokha pang'onopang'ono, ndipo anabwerera chafutambuyo atagwira mutu wa mwana. Ndinafuna kumuuza kuti malemba amene akumuthamangitsawo ndinalemba ndine, ndipo ndine munthu wabwinobwino wa ku Chinyunyu.

Moto sitikoleza pafupi ndi lole. Timadya buledi ndi mbatata zozizira. Tikafuna tiyi, mmodzi amapita patali ndi ketulo kukapempha moto mpaka lole ioneke ngati kabokosi, winayo amatsala; lamulo limalola, bola lole ikuonekabe. Ba Bornface amabwera naye tiyi atazizira kale, koma amamunyamula ndi manja awiri ngati ansembe pa Misa.

Denga la nkhokwe muuze amalume ako alifolere udzu usanapse. Mbuzi yaikazi ija musaphe.

Wako,
Evaristo

Kitwe, 12 Ogasiti 1973

Wokondedwa Emeliana,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti miyendo ikutupa. Uzikhala pansi, uziikweza pa mpando. Ine ndili bwino. Mutu umandiwawa masiku amene takweza katundu, ndi fungo lake la onga, aliyense kuno amatero. Umatha wokha.

Wafunsa ngati ntchitoyi ndi yoopsa, ndipo wati ndisakubise. Onga ukakhala m'mabokosi ake, wosagundidwa, wosaona moto, umangogona. Timayenda nawo ngati munthu wonyamula mwana amene wagona movutikira. Chimene ndimaopa ine si lole yathu. Sabata yatha tinapeza lole ya anthu ena itagwa pa njira ya ku Kapiri. Inalibe chikwangwani ngakhale chimodzi, ndipo anthu a m'midzi anabwera ndi zitini poganiza kuti m'madiramu muli parafini. Sanali parafini. Tinadutsa utsi utatha kale. Ba Bornface anavula chipewa, ine ndinayang'ana kumbali inayo. Tsiku limenelo ndinapukuta zikwangwani zathu kawiri pamalo amodzi.

Tisiye zimenezo. Ndikuuze chimene ndimaganiza tikamayenda. Pali malo aja pamsewu, pakati pa mkuyu ndi kanjira ka ku kasupe. Ndimamangapo kanyumba ka tiyi. Tsiku lililonse ndimaonjezerako kanthu. Lolemba ndinaika zenera loyang'ana kumapiri, Lachitatu benchi, dzulo ndinabzala mapapaya kuseri. Iwe uli pakhomo ndi ketulo yaikulu, madalaivala atopa akuvula nsapato. Pamwamba pa khomo pali thabwa limene ndalemba ndekha, la penti yabuluu, chifukwa yofiira yanditopetsa. Ndikufuna ndidzalembe kamodzi chikwangwani choitana anthu. Mawu ake sindinawapeze. Nthawi zina ba Bornface amandigwedeza phewa kuti tafika, ine ndili pakati pofolera denga.

Mafuta ophikira akusowa m'masitolo kuno, ndipo pa msika anyamata a chipani akufunsa khadi pageti. Ngati ayamba kumeneko, Olipa atenge langa lakale lili m'Baibulo, akalisinthe. Ndatumiza shuga ndi mathewera. Mathewerawo uwabise, anthu asayambe kulankhula nthawi isanakwane.

Ndine,
Evaristo

Kitwe, 30 Sepitembala 1973

Emeliana,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine ndili bwino, ndipo lero dzanja likuthamanga kuposa mutu, ukhululuke malemba.

Tikubwera njira ya kwathu. Pali anthu akuphwanya miyala ya msewu kumapiri a ku Luangwa, ndipo onga wawo atipatsa ife kuti tikapereke. Tidzagona kunja kwa Lusaka, ndipo Lachitatu pa 10 Okutobala m'mawa, dzuwa lisanakwere kwambiri, tidzadutsa pa Chinyunyu.

Mvetsa bwino, kuti usadzakhumudwe. Popita sitidzaima. Nyumba zili pafupi ndi msewu, ndipo lamulo sililola. Ndinawapempha ba Bornface, anangopukusa mutu, kenako anati phazi lawo limatopa akafika pamalo okwera, mwina lole idzayenda ngati ngolo. Koma pobwerera tidzakhala opanda katundu, zikwangwani zili pansi pa mpando, mbendera zitapindidwa. Pamenepo ndife lole wamba. Tidzaima, ndidzalowa m'nyumba mwanga, ndidzamwa madzi a mu mtsuko wako.

Uwauze amayi ogulitsa pamsewu kuti m'mawa umenewo mbaula zawo azisunthire kutali, kuseri kwa mkuyu, ndipo ana asathamangire lole. Uwauze mofatsa, asaganize kuti Evaristo wayamba kudzimva. Iwe udzaime pansi pa mkuyu, pamthunzi, utavala chitenje cha masamba obiriwira kuti ndikuzindikire ndili patali. Usayandikire. Unati mwezi wako ndi Novembala, ndiye ukadali ndi mphamvu zofika pamenepo, koma ngati thupi lalemera, khala kunyumba, ndidzakuona pobwerera.

Masiku ano ndikatseka maso ndimaona msewu wonse. Mlatho wa Chongwe, minda yopsa, kenako mapiri aja amayamba kutuwa chakutsogolo ngati utsi. Ndimafika pa mkuyu, ndipo pamenepo maloto amaima, sapitirira. Ndimabwereranso ku Chongwe n'kuyambanso.

Ndapenta zikwangwani zinayi zatsopano za ulendo umenewu. Kapitawo akuti zakale zinali zabwinobwino. Ndinamuuza kuti zikupita kwathu.

Mwamuna wako,
Evaristo

Kitwe, 11 Novembala 1973

Amake Rosalia,

Ndalemba dzina limeneli pamwambapa, ndipo ndakhala ndikuliyang'ana mpaka tiyi wazizira. Taonani, cholembera chayamba chokha kukulemekezani.

Kalata yanu yafika dzulo. Ndayamika Mulungu kumva kuti munatuluka m'chipatala, mukuyenda, ndipo mwana akuyamwa. Ine ndili bwino. Mwadandaula kuti mwezi wathunthu sindinalembe. Zoona. Ndinkatenga pepala n'kulibwezera, chifukwa sindinkadziwa ngati amene ndikumulembera alipo.

Mwalemba kuti muli m'chipatala, thupi likutentha, munalota ine nditaima kumutu kwa bedi, wopanda nsapato, ndikununkha penti, ndipo ndinakuikani dzanja pachipumi. Mwati amayi anakuuzani kuti anali malungo chabe. Sanali maloto, amake Rosalia. Ndinabwera.

Lachitatu lija tinafika pa Chinyunyu monga ndinanenera. Mbaula zonse zinali kuseri, amayi ataima patali pamzere, atagwira ana. Pansi pa mkuyu panalibe chitenje chobiriwira. Panali Olipa. Ba Bornface anachepetsa liwiro mpaka lole inkayenda ngati munthu, ndipo Olipa anayenda pambali pa zenera langa, manja ali kumbuyo, akuopa kukhudza chitseko.

"Alongo, alamu anawatengera ku mishoni Lamulungu. Zinayamba msanga. Mwana wabadwa, wamkazi, ali moyo."

"Nanga mwini wake?"

"Magazi sakuleka. Amene abwera dzulo akuti sakuzindikira anthu."

Msewu unayamba kutsika, lole inathamanga yokha, Olipa anatsala. Kuchokera pamenepo sindikumbukira zambiri. Ndikudziwa kuti tinadutsa Rufunsa, chifukwa ndinaona ana a sukulu akuthawira kumbali. Dzuwa linali litakwera, phula likunyezimira ngati madzi. Titafika pa mphambano ya ku mishoni, ba Bornface anapitirira pang'ono n'kuima pamalo a miyala, opanda nyumba. Ine ndinatsika ndi sipanala, ndinapita kutsogolo, ndinayamba kumasula chikwangwani.

"Ukuchita chiyani?"

"Tichotse zonse, ba Bornface, ndi mbendera zomwe. Tilowe ngati lole ya ufa. Palibe adzadziwe."

"Unafikako ku chipatala chimenecho?"

"Inde."

"Kuseri kwa wodi ya azimayi kuli chiyani?"

Ndinaimitsa sipanala. Mukudziwa inu chimene chili kumeneko: mafuwa a odikirira odwala, moto wosazima tsiku lonse, ana akuthamanga ndi zikuni kupalira anzawo.

"Lole ya ufa anthu amaizungulira," anatero. "Wina adzatsamira tayala, ndudu ili pakamwa. Ndipo mkazi wako wagona kuseri kwa khoma lomwelo. Bwezera bawuti. Miyendo uli nayo."

"Nanga lamulo la anthu awiri?"

"Ine ndi onga ndife awiri. Thamanga."

Ndinathamanga. Nyenje zinkalira m'mitengo yonse, kulira kumodzi kosadukiza, mpaka ndinaleka kumva mapazi anga. Ndinkaona denga la chipatala patsogolo, likuoneka pafupi, koma silinkayandikira. Nditafika, asisitere a pakhomo anati si nthawi yoona odwala. Ndinayesa kufotokoza, mpweya unakana. Anandiyang'ana fumbi, anayang'ana penti m'zikhadabo, anati: "Vulani nsapato. Musamudzutse."

Mkati munali mozizira, makatani oyera akupuma ndi mphepo. Munagona pafupi ndi zenera, botolo litapachikidwa pamwamba panu, milomo itayera. Munaoneka wamng'ono ngati tsiku limene ndinakuonani koyamba ku kwaya. Ndinakuikani dzanja pachipumi, chinali chotentha. Maso anu anatseguka pang'ono, ndipo munati, "Watsekera mbuzi?" Ndinati ndatsekera. Munatsekanso maso ngati munthu amene nkhawa yake yatha.

Mwana anali m'kabedi pambali, atakulungidwa m'chitenje chija. Ndinkaopa kumugwira ndi manja anga a ntchito. Ndinangowerama. Anakwinya nkhope, anatsegula kukamwa, ndipo analira. Analira kwambiri, amake Rosalia, mpaka mayi wa pa bedi lina anatembenuka. Asisitere anabwera kudzamutonthoza, ine ndinawapempha kuti adikire pang'ono. Anandiyang'ana modabwa, koma anadikira.

Ndinawafunsa ngati mudzakhala moyo. Anati mawa ndi limene lidzanene. Amayi anu anali atapita kukatola nkhuni, ndipo sindikanatha kuwadikira. Ndinavala nsapato panja n'kubwerera.

Ndili pakati pa njira ndinaona utsi chakumsewu. Ndinathamanga kuposa popita. Lole ndinaipeza ili chiimire, mbendera zake zonse zilipo, koma udzu wozungulira unali wakuda, ukufuka. Ba Bornface anali atakhala pa mwala. Panalinso galimoto ya munthu wa boma woyang'anira za onga. Zotsalazo ndidzakuuzani zikatha kukambidwa ku ofesi.

Pobwerera sitinaime chifukwa anatikweza mabokosi otsala, ndiye zikwangwani sizinachotsedwe, ndipo galimoto ya boma ija inkatitsata kumbuyo. Ndinadutsa mphambano ya ku mishoni ndikuyang'ana. Pa Chinyunyu Olipa anakweza manja awiri m'mwamba, ndipo sindinadziwe ngati akutanthauza kuti zili bwino kapena zatha. Ndayenda ndi manja amenewo m'mutu mpaka dzulo.

Muzidya chiwindi ndi masamba, asisitere anati magazi abwerere. Mbuzi yaikazi ija manje iphedwe. Dzina la Rosalia ndalikonda, amayi asankha bwino.

Ndine atake Rosalia,
Evaristo

Kitwe, 9 Disembala 1973

Amake Rosalia,

Moni kwa inu, kwa mwana, kwa amayi ndi Olipa. Ndakondwa kumva kuti mvula yagwa bwino ndipo mwabzala. Inu musagwire khasu chaka chino. Ine ndili bwino. Andibwezera mu shedi ya penti mpaka apeze dalaivala wina.

Nkhani ya ku ofesi yatha, ndiye ndikuuzeni zonse.

Nditachoka kupita ku chipatala tsiku lija, anthu osaka mbewa anayatsa tchire kutsidya kwa phiri, ndipo mphepo inatembenuka. Moto unatsikira kumsewu, kutsogolo ndi kumbuyo kwa lole. Ba Bornface anaona kuti kuyendetsa onga pakati pa malawi n'koopsa kuposa kukhala pamiyala paja. Anathyola nthambi n'kuyamba kuzimitsa okha. Nthambi zitatha anavula jekete. Basi ya ku Chipata inafika, dalaivala wake ataona mbendera zofiira anaima patali, anatsitsa amayi ndi ana n'kuwabweza m'mbuyo. Amuna ena a m'basimo anawerenga chikwangwani, anayang'anana, koma anabwera ndi nthambi kudzathandiza. Mayina awo sindiwadziwa. Moto unazima usanafike pa matayala.

Munthu wa boma uja ankapita komwe tinkapita ife, kukaona nyumba yosungira onga. Anapeza lole ili ndi munthu mmodzi, ndipo anafunsa kumene kuli wachiwiri. Sanalakwe, ndi ntchito yake. Ba Bornface anati, "Ndamutuma ine. Iye amakana, ine ndamukakamiza."

Manja awo anapsa. Tsiku limenelo anawabisa m'chiguduli changa chopukutira zikwangwani, ndipo anayendetsa choncho mpaka kumapiri ndi kubwerera. Ine ndinkawasinthira magiya. Titafika kuno ndi pamene anapita ku chipatala.

Ku ofesi ndinaimirira kuti ndinene zoona, kuti ndine ndinayamba kugwira sipanala. Ba Bornface anandikoka malaya, anati m'chinenero chathu, "Khala pansi. Iwe uli ndi mwana wa mwezi umodzi." Ndinanenabe. Bwana anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati lole ndi ya dalaivala, ndipo zonse zochitika pa lole amayankha ndi dalaivala. Ine anandichenjeza. Iwo awachotsa ntchito. Ngakhale akanawasiya, zala za dzanja lamanja zapola zitauma, sizipindika, sizingagwirenso chiwongolero.

Masabata ano ndakhala ndikupita kwawo m'mawa kukawamanga mabatani a malaya. Tsiku lina, ndikuwamanga, ndinawafunsa chifukwa chake anandilola kupita. Anayang'ana manja awo. Kenako anati ali ku Joni, mkazi wawo Justina anadwala ku Petauke. Mawu anawapeza mochedwa. Anapempha tchuthi, anakwera sitima, anakwera lole, anayenda pansi, ndipo anakapeza udzu utamera kale pamanda. Ana analibe. "Ndinathamanga ngati iwe," anatero. "Kungoti kwanga kunali kutali." Kenako anandiuza kuti ndalumpha batani limodzi.

Akubwerera kwawo ku Petauke, kwa mlongo wawo. Adzakwera basi ya ku Chipata yochoka ku Lusaka Loweruka likubwerali m'mawa. Ndawapempha kuti atsike pa Chinyunyu, agone tsiku limodzi kwathu, apitirire mawa lake. Sanavomere, sanakane. Anati aona mmene msewu ulili.

Ndiye ndikupemphani izi. Olipa akaime pamsewu kuyambira m'mawa. Adzawazindikira, anawaona pa chiwongolero. Ngati basi idutsa osatsika munthu, musakhumudwe, ndi mmene alili. Koma akatsika, awalandire chikwama, chifukwa okha sangapemphe. Muwaphere tambala wofiira uja, ndipo nyama muidule tizidutswa ting'onoting'ono musanawapatse, koma mudulire kukhitchini, asaone. Madzi osamba akhale ofunda chabe, khungu la m'manja likadali lanthete. Amayi asawafunse za moto. Inunso musawathokoze ndi mawu ambiri, angadzuke n'kupita kukadikira basi.

Akakhala pansi, akapuma, muwaike Rosalia pamiyendo. Adzanena kuti mumutenge, angamugwetse. Inu musafulumire. Mukhale pafupi, mugwirire mutu wa mwana, muwasiye akhale naye.

Ine tchuthi andilonjeza pa Pasaka.

Ndine mwamuna wanu,
Evaristo Chabwela